Fupalo walitenga kuti Denja?

Mwezi wa June ukangolowa, chiperoni n'kutsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique, phiri la Ndirande n'kufunda chifunga mpaka kumutu, kunyumba kwanga ku Machinjiri kumayamba kwaya ya usiku. Woimba ndi mmodzi yekha: Denja, galu wanga.

Denjayu ndinamugula ali kamwana kwa mnyamata wina yemwe analumbira kuti bambo wake wa galuyo amagwira ntchito kupolisi. Lero wakula, ndipo aliyense womuona amavomereza kuti ngati bamboyo anafikadi kupolisi, anafikako ngati womangidwa.

Chaka chino anayamba Lachiwiri pakati pa usiku. Kho! Kho! Khooo! Mawu ngati a tsekwe wokalamba. Kenako kuwerama ngati asanza, n'kungolavula kathovu. Kutacha, mchira pukupuku, mkute wa nsima n'kuumeza osatafuna, ngati si iye watigoneka maso ali gwa.

"Bambo a Mphatso, galuyu watsamwa ndi fupa," anatero mayi a kunyumba.

Ndinakhala kaye chete. Fupa? M'nyumba muno nyama tinaidya komaliza pa Isitala. Bonya ndi soya pisesi sizinatsamwitsepo munthu, nanji galu. Ngati pakhosi pa Denja pali fupa, ndiye kuti mnzangayu ali ndi banja lina kumene amadya bwino, kuno amangobwera kudzagona. Zinandiwawa kuposa chifuwacho.

Aneba atangoona thovu lija anakokera ana awo m'nyumba. "Achimwene, chimenecho n'chiwewe!" Sindinawaseke, chifukwa chiwewe si nthabwala, munthu zizindikiro zikangoyamba kuoneka, ngakhale ku Queens sangamubweze. Koma apa ndiye ndinali ndi poimira. Chiyambire 2015, pomwe a Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 mu Blantyre muno m'masiku 20 okha, ine sindiphonya katemera. Mtchatho wa ukwati wanga sindikudziwa komwe uli, koma khadi la Denja limagona m'Baibulo, pakati pa Masalimo.

Madzulo nkhani ndinaitengera kubawo, kumene aliyense ndi dokotala. Wina anati Panado awiri. Wina anati Brufen, "amene anandichiritsa msana." Wina wochokera ku Bangwe anati ndimu ndi jinja. Mkulu wina wa ku Zingwangwa, atapsontha kaye yekha, anati kachasu supuni imodzi basi, galuyo aiwala kuti ali ndi khosi. Ndinavomera onse, poti onsewo ndili nawo ngongole.

Mayi a Mphatso ndiwo anagamula: kwa dokotala wa ziweto. Kondakitala wa minibasi anandifunsa ngati galuyo alipira mpando wake. Wakabaza anangotiyang'ana tonse awiri n'kuliza njinga. Tinayenda wapansi, Denja patsogolo, ine pambuyo, ndipo njira yonseyo sanatsokomole ngakhale kamodzi. Mukudziwa manyazi ake opita ndi wodwala yemwe akudumphira agulugufe?

Mwamwayi adokotala atangomusisita pakhosi, kwaya inayambiranso. Anati palibe fupa (mtima wanga unakhala pansi, banja lathu n'limodzi). Chimenechi n'chifuwa chimene agalu amapatsirana akamanunkhizana ndi kutsokomolerana, monga momwe ife timagawanira chimfine m'minibasi yotseka mawindo. Anatchula kachilombo kena kotchedwa Bordetella, dzina lomwe ndinaganiza kuti likanamuyenera mwana wamkazi. Kuzizira, fumbi ndi utsi zimafooketsa kukhosi, tizilombo n'kupezerapo mpata. Galu wamphamvu, yemwe akudya ndi kusewera, nthawi zambiri amachira yekha pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. Koma akasiya kudya, akafooka, akayamba mamina kapena kupuma movutika, ndithamange naye, chifukwa chikhoza kukhala chibayo.

Nditatchula malangizo a kubawo, anavula magalasi. Brufen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, Panado wopereka mwachisawawa amapweteka chiwindi. Za kachasu sanayankhe n'komwe, anangondiyang'ana nthawi yaitali.

"Usiku amagona kuti?"

"Amayendayenda, adokotala. Ali ndi anzake."

"Masana?"

"Pa tcheni, pafupi ndi dzala pomwe timawotcha zinyalala."

"Amadya chiyani?"

"Zomwe timadya ifeyo."

"Pepani," anatero adokotala. Ndinati zikomo, kenako ndinazindikira kuti akuuza galu.

Malamulo anatuluka: tcheni cha m'khosi chichoke, maulendo a usiku aime kuti asakagawire agalu a eni, agone pofunda koma kutali ndi utsi wa mbaula. Ndalama yomwe ndinasiya kumeneko inali ya nyama ya mwezi uno, ndiye za fupa tiiwale mpaka Khirisimasi.

Panopa mlonda wanga amagona kukhitchini, pa jekete langa la kaunjika lomwe ndinkalisungira kumaliro, atamwa phala la mgaiwa lothira bonya. Galu wina akauwa panja, wotuluka ndi tochi ndine, wopanda jekete, m'mawawa a chiperoni. Dzulo usiku nanenso ndayamba. Kho! Kho! Mayi a Mphatso anatembenuka, nkhope yodzaza nkhawa, n'kundigwira paphewa.

"Bambo a Mphatso, katsokomolereni panja. Mudzutsa galu."