Kodi wodzandira aliyense waledzera?

Pali liwu la Chingerezi limene limandizunguza mutu: staggering. Odziwa chinenerochi amati limanena za munthu woyenda modzandira, ngati uja wochokera kokamwa kachasu. Koma mu November 2023, banki ya Reserve itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, liwu lomweli ndinalimva m'minibasi ya ku Zingwangwa, anthu akudandaula za mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira. Kodi shuga ali ndi miyendo? Akuti ayi, amene amadzandira ndi munthu amene wauzidwa mtengowo.

Nanga kudabwa kumafika bwanji m'miyendo? Nkhanitu imalowera m'khutu, koma amene amafooka ndi mawondo. Achipatala amati munthu akadzidzimuka kwambiri, mtima umatha kugunda pang'onopang'ono, magazi opita ku ubongo n'kuchepa. Kenako chizungulire, m'maso mdima, ena mpaka kukomoka. Kodi n'chifukwa chake wobweretsa uthenga wa maliro amayamba ndi mawu akuti, "Mayi, takhalani kaye pansi"? N'chifukwa chake amati matenda akula, pomwe munthu watisiya kale? Makolo athu anaziphunzira kuti zimenezi?

Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Tinaona abambo akuluakulu akutsika kuchokera kumeneko, matope mpaka m'chiuno, khasu m'manja, akupepesuka uku ndi uku. Mayi wina anagwira khoma la golosale, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi, osatulutsa liwu. Palibe amene anawaseka, chifukwa tonse tinkadziwa kumene achokera.

Nanga tsiku wamba, bwanji timafulumira kuseka? Munthu akamadzandira pamsika wa Zingwangwa masana, ana amamukuwiza, akuluakulu n'kumati, "Ayamba kale awa." Tadziwa bwanji? Wodwala matenda a shuga, shugayo akatsika kwambiri m'thupi, amadzandira, amatuluka thukuta, malankhulidwe ake osamveka. Wogwidwa ndi sitiroko nayenso amapepesuka, pakamwa patakhota, ndipo kuchedwa naye kuchipatala n'kumuika pachiswe. Wina sanadye kanthu chiyambire dzulo. Wina wangochotsedwa kumene ntchito ku Limbe, kalata ili m'thumba.

Ngakhale woledzerayo, kodi si munthu? Akagwera mu ngalande kapena kutsogolo kwa kabaza wa njinga yamoto, maliro ake tidzalira ndife tomwe.

Funso langa ndi laling'ono. Chipatala cha Zingwangwa chili pafupi, cha Queen Elizabeth sichili kutali. Kodi chimatiletsa n'chiyani kumugwira mkono munthu wotere, kumukhazika pamthunzi, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, chavuta n'chiyani?"