Galu wamkota pa benchi

Loweruka lapitali pabwalo lina la ku Kapata, kochi wa timu ya anyamata anavula jekete, nasina kamnyamata kena khutu kuti katuluke, n'kulowa yekha m'bwalo, mimba ili patsogolo. Anthu anaseka mpaka misozi. Koma mdala wina wogulitsa nzimbe anangoti: galu wamkota sakandira pachabe.

Mdalayo ali ndi mboni yaikulu. Pa 5 September 2004, Zambia inali kulimbana ndi Liberia mu Lusaka pa ndime yopitira ku World Cup, nthawi ikutha popanda chigoli. Kochi anali Kalusha Bwalya, wa zaka 41, yemwe uja anamwetsa Italy zigoli zitatu pa masewera a Olympic a mu 1988. Anayang'ana benchi yonse kufuna munthu wodalirika, ndipo anamupeza atakhala pampando wake womwe. Anadzilowetsa, anamenya firikiki ndi mwendo wamanzere uja, mpira n'kukagona muukonde. Zinathera 1-0.

Taganizani mmene zinayendera. Kochi anauza wosewera kuti atenthetse thupi, wosewera anavomera popanda kung'ung'udza. Malangizo anawamva onse, poti pakamwa ndi khutu zinali pamutu umodzi. Mpira utatha, kochi anayamikira wosewera, wosewera nayamikira kochi pomukhulupirira, ndipo onse awiri anakwera galimoto imodzi, mpando umodzi. Za alawansi sindikayika kuti anagwirizana msanga.

Tsoka lake n'lakuti chaka chomwecho, pa fainolo ya COSAFA ndi Angola, mkota yemweyo anaphonya penate, chikho n'kupita ku Luanda. Apa ndiye panavuta: kochi akalipire ndani? Amuchotse ndani pa timu?

A ku Brazil nawo anaukhulupirira mwambiwu. Dunga, wapakati wouma mutu amene ananyamula World Cup ngati kaputeni mu 1994, anapatsidwa timu ya dziko mu 2006 asanaphunzitseko timu ina iliyonse. Anatenga Copa América mu 2007, koma Netherlands itawatulutsa mu 2010 anamuchotsa. Germany itawakwapula 7-1 mu 2014 anamuitananso, ndipo mu 2016 anamuchotsanso. Kungodutsa malire pa Mwami, a Malawi anachita zomwezo ndi Ernest Mtawali, wapakati waluso amene anasewerapo ku Toulouse: anamupatsa Flames mu 2015, chaka chotsatira n'kumulanda.

Ine ndikuona kuti mwambiwu sunama, koma timaupempha zimene sunalonjeze. Mkota amadziwadi pali mbewa. Ukochi ndi ntchito ina: kukhala pansi manja ali m'thumba, n'kufotokozera tiana ta agalu pokanda, kenaka n'kupirira pamene tikukanda pa chulu cholakwika. Katswiri zimamuwawa kuposa wina aliyense, chifukwa zimene phazi lake linkachita losaganiza, pakamwa pake sipadziwa kuzinena. Mwendo wamanzere subwerekedwa.

N'chifukwa chake ndimamvera chisoni kamnyamata kotulutsidwa, kulikonse kumene kali. Tsiku limene kakanaphunzira kumenya firikiki pamaso pa anthu, mwendo ukunjenjemera, ndi lomwelo limene mkulu amati pita ukakhale, ndikuonetse. Timachita zimenezi m'mipingo, m'makomiti a sukulu ndi m'zipani zandale, kenaka timadabwa kuti achinyamata sadziwa kanthu. Mkota akande ndithu, koma nthawi zina azingoloza ndi mphuno.