Gogo amamwa 20W-50

Ku Chanyanya kuno munthu aliyense ndi katswiri wa oyilo. Ukangotsegula boneti, asodzi amasiya maukonde, amayi ogula nsomba amatula mabeseni, ngakhale mwana woti sanakwerepo njinga amakuuza chimene injini yako ikufuna. Ine ndimawamvera onse mwaulemu, poti ndi omwewo amandikankha m'mawa.

Galimoto yanga ndi Peugeot 504 yapikapu, ya 1982. Inali ya malume amene ankagwira ntchito ku Nitrogen Chemicals m'tauni ya Kafue. Pogawana chuma abale anatenga nyumba ndi ng'ombe. Ine pamaliro ndinalira kuposa onse, choncho anandipatsa chinthu choti ndizilira nacho mpaka ndidzawatsatire malumewo. Ma Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone m'ma 1970 sawonekanso pamsewu, koma Gogo, monga ana amaitchulira, ikadanyamulabe nsomba kuchoka padoko kupita kumsika.

Alamu anga ali ndi bwato la injini ya Yamaha, ndiye kwa iwo oyilo padziko lonse ndi mmodzi.

"Alamu, thirani wa two-stroke. Ine mtsinje wa Kafue ndimauwoloka tsiku ndi tsiku, munandionapo ndikukankhidwa?"

Bwato salikankha, amalipalasa, koma mlamu sayankhidwa choncho. Oyilo wawoyo anapangidwa kuti asakanizidwe ndi petulo n'kupsa naye limodzi. Gogo imafuna wokhala m'sampu, wozungulira n'kubwerera, ngakhale kunena zoona nayonso imawotcha wake popanda kupempha chilolezo.

Mphwanga wa ku Lusaka, woyendetsa Toyota yonyezimira, anabwera ndi nzeru za m'foni. Akuti masiku ano anthu otsogola amathira 5W-30 wa synthetic. Ndinagwedeza mutu ngati ndikudziwa, kenaka ndinakafunsa mobisa kwa makaniko wina wachikulire m'tauni, amene zala zake zinasiya kuyera nthawi ya Kaunda.

"Mwana wanga, nambala yoyambayo imanena mmene oyilo amayendera injini ikazizira. Yachiwiri imanena kulimba kwake injini ikatentha, pa madigiri 100. Zitsulo za injini yakoyi zinadyana, mipata inakula. Ukathira wopyapyala, m'mwezi wa October kanyale kofiira kazikuphethira, ndipo oyiloyo azituluka paliponse pamene labala anauma. Kumeneko ndi kupatsa wolima tiyi m'malo mwa nsima. Thira 20W-50."

Mkuluyo sanalekere pomwepo. M'injini zakalezi, camshaft imakhulana mwachindunji ndi timatapeti tosalala, ndipo chimene chimateteza zitsulozo ndi mankhwala a zinc ndi phosphorus otchedwa ZDDP. Kuyambira 2004, pamene muyezo wa API SM unafika, opanga oyilo anachepetsa mankhwalawa m'maoyilo opyapyala chifukwa amawononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi m'galimoto zatsopano. Anafunsa ngati Gogo ili nacho chipangizocho. Tonse tinawerama kukasuzumira. Tinapeza paipi ya utsi yomangidwa ndi waya wa mpanda wa apongozi, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Anandiletsanso oyilo wa m'mabotolo a madzi akumwa amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu, poti wina amakhala wakale wongosefedwa. Apa ndinayang'ana kumbali, chifukwa anyamatawo amandipatsa moni ponditchula dzina. Anati ndizisintha oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse, kapenanso asanakwane chifukwa cha fumbi la msewu wathu. Mita ya Gogo inaima malume ali moyo, ndiye makilomitawo ndimawerengera pa kuwawa kwa msana.

Tsiku limene ndinalowa m'nyumba ndi chigubu cha malita 5 cha Castrol GTX, mayi a kunyumba anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kabotolo ka saladi kamene kanali katayimikidwa chadodolido kuti dontho lomaliza litsike.

"Bambo a ana, kodi pakhomo pano munakwatira ndani?"

Ndinawafotokozera za ZDDP. Usiku umenewo ndiwo zinali zowiritsa.

Vuto lenileni limafika pa 1 December, boma likatseka usodzi mpaka kumapeto kwa February. Nsomba kulibe, Gogo imangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kumadontha. Chaka chino mayi aja anatchera beseni lakale pansi pa injini. Oyilo wakudayo amathira m'timabotolo n'kumagulitsa kwa omanga makola ndi mipanda, oti azipaka mitengo kuti chiswe chisadye. Makasitomala akuchita kulembetsa. Dzulo nditanena kuti ndikufuna kugula gasiketi yatsopano, anandiuza kuti ndikangoyerekeza, ndikagone kwa alamu m'bwato.