Mlendo Ndi Mame? Kafunseni "Went"

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Okhala m'mafulati a ku Kabwata akamva mwambiwu amangopukusa mutu. Msuweni amatsika basi ya ku Chipata pa Intercity, ati wadzacheza sabata imodzi. Chaka chikamatha, rimoti ya TV ili m'manja mwake, ndiwo akusankha ndi iye, mwini nyumba akuchita kuodira pakhomo pake pomwe.

Chingerezi nacho chili ndi msuweni wotere, dzina lake went.

Mwana wa ku Chelstone akalemba kuti "I goed to Cairo Road", aphunzitsi amamukhwatcha ndi bolopeni yofiira. Chonsecho mwanayo wangotsata lamulo limene adamuphunzitsa okha: walk ipereka walked, play ipereka played. Nanga go yalakwanji kuti iziyenda go, goes, going, gone, kenaka pakati n'kutulukira went, wosafanana ndi aliyense pamtundu?

Nkhani yake ndi iyi. Zaka 1,000 zapitazo ku England, mneniyu ankatchedwa gan, ndipo za dzulo ankazinena ndi eode. Chapafupi panali mneni wina, wendan, kutanthauza kutembenuka kapena kulowera kwinakwake. Ameneyu adasanduka wend, nthawi yake yakale n'kukhala went, monga send ndi sent. M'zaka za m'ma 1400 went adasamukira kwa go, mwini malo n'kuzimirira pang'onopang'ono. Wend adatsala manja lende, mpaka adachita kudzipangira wended.

Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, mlendoyu sadamuyalire mphasa msanga: m'chilankhulo cha Scots mpaka lero amati gaed. Mwana wa ku Chelstone uja ali ndi anzake kumeneko.

Kondakitala wa pa Kulima Tower woitanira okwera a ku Woodlands angadzitame kuti Chinyanja chilibe chisokonezo chotere: ndipita, ndapita, ndinapita, tsinde ndi lomwelo. Koma asafulumire kuseka. Iye yemwe amati "ndili pa siteshoni", "ndinali pa siteshoni", koma za mawa amati "ndidzakhala". Mneni -li salandira -dza-, ndiye amabwereka kwa -khala.

Pamayeso a Examinations Council of Zambia, kaya wolemba ndi wa ku Kabulonga kaya wa ku Kabwata, goed sapatsa malikisi. Yankho ndi went, mlendo amene watha zaka zoposa 500 ali pampando wa mwini nyumba.