Ulemu kwa Bwana -ed, Kamchira ka Chingerezi

Kuno ku Kasungu ulemu timaudziwa, koma pali bwana mmodzi amene takhala tikumudutsa osavula chipewa: timalembo tiwiri, -ed, tokhala kumchira kwa mneni wa Chingerezi. Lero ndagwada.

Taonani ukulu wake. Kathu ka m'Chichewa ka -na- n'kamunthu wamba. Ndinafesa, ndinawokera, ndinathyola, ndinasoka: liwu lomwelo kuchokera ku nazale mpaka m'chigafa, ndipo kamafulumira kubwera kuti womvera adziwiretu kuti nkhaniyi ndi yakale. Bwana -ed sathamanga. Amadikira mneni athe, kenaka n'kutulukira atavala malaya amene wawakonda tsikulo. Pa "packed" ndi "pressed" amangoti t, ngati kamtengo kouma kathyoka. Pa "cured" ndi "weighed" amati d, chapansipansi ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Koma akapeza t kapena d atakhala kale pampando, monga pa "planted" ndi "graded", amatambalala n'kudzitengera phatikizo lathunthu, id. Kalembedwe kamodzi, mamvekedwe atatu. Ngakhale bilimankhwe amasintha tikumuona.

Aphunzitsi athu ku pulaimale ankatigwiritsa chala pakhosi. Kholingo likanjenjemera pa liwu lomaliza la mneni, ndiye d. Likakhala chete, ndiye t. Kalasi yonse inagwira makosi ngati tameza minga ya usipa. Ife tinali ndi chifundo chabe. Lilime la Mchewa silisiya mawu ali maliseche, limawaveka lembo la liwu kumapeto. Ndi mmene tinapezera belo, jeke ndi sukulu. Tinaona bwanayo akuzizidwa kumchira, n'kumupatsa kansalu: "pakedi", "kiyuwadi". Malipiro ake, kamkwapulo ka m'manja.

Koma ndani angadandaule? A Kamuzu, mwana wa kuno, anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama, n'kuitsegula mu 1981 kuti ana aziphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Mpaka lero ukalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE umangoimva kwa anzako, ngakhale masamu uwadziwe ngati dzina lako. Ndiye kamchira kameneka tikatukwane ife?

Chimene ndimamugomera kwenikweni bwanayu ndi kusankha kwake pokhala. Nyengo ya msika wa fodya ikafika, malole atandandalika panjira ya ku Chinkhoma, mudzamvetsere. Mlimi anayamba kuthirira nazale mvula isanagwe, wagona m'chigafa kulondera balale, wadinda mabelo mpaka msana kuuma, ndipo akudikira mawu awiri okha: "sold" ndi "paid". Fufuzani, -ed simumupezamo. Pa chisangalalo iye sapondapo, amasiyira ena, poti ndi wodzichepetsa.

Koma belo likakanidwa, ndi uyo wafika yekha, osaitanidwa, atavala suti. "Rejected". Pa pepala la malonda, pamene ngongole ya feteleza, mayendedwe ndi ziguduli zadya gawo lawo, ndi uyonso: "deducted". Apa sanong'ona, sameza lembo, sabisala kumbuyo kwa t. Amamveka bwinobwino, phatikizo lonse, moti agogo amene sanaponde m'kalasi amamutchula molondola kuposa mwana wa Fomu 4, osagwira n'komwe chala pakhosi.