Duwa la Apongozi

Apongozi anga ali ndi ana asanu, zidzukulu zodzaza bwalo, ndi duwa limodzi. Pa zonsezi, chimene anandisungitsa ine popita ku Britain kukalera mdzukulu watsopano ndi duwalo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundikhulupirira kapena kundiyesa.

Anabwera nalo okha pa minibasi mpaka kwathu ku Zomba, atalifungata pamiyendo. "Bambo, ili ndi Cattleya. Likhale pakhonde pomwe pamafika dzuwa la m'mawa. Madzi kamodzi pa sabata, kukazizira muzidumphitsa. Kupatula apo, musalichite kanthu." Ndinalandira ndi manja awiri, ndikuti musadandaule amayi, mudzalipeza litanenepa.

Atachoka ndinaliyang'anitsitsa, ndipo chisoni chinandigwira. Mumphika munalibe dothi ngakhale lodzaza supuni. Munali makala, zidutswa za njerwa ndi makungwa a paini, omwe aja amangotayidwa kocheka matabwa kuphiriku. Mizu yoyera, yonenepa, inali itatulukira kunja, ina ikukwawa pamphika, ina ili lende m'malere. Masamba anali okhuthala, olimba, obiriwira mopita kuchikasu. Ine ndinakulira m'munda, ndipo chimanga chikayamba kuoneka choncho ndiye kuti chikulirira feteleza. Komanso ndinali nditamva kuti duwali ndi la mtundu wa orchid, ndipo orchid ndinkaidziwa bwino: chinaka chimene abale athu a kumpoto ndi a ku Zambia amaphika, timbatata take amachita kukumba pansi. Ndinatsimikiza kuti ukalamba wawapeza amayi aja, duwa lawo likufa ndi njala iwo akuona.

Loweruka lotsatira ndinakakumba dothi pachulu, n'kulisakaniza ndi zitosi za nkhuku. Makala aja ndinawapereka kukhitchini kuti akagwire ntchito yake yeniyeni, ndipo tsiku limenelo anapsereza nyemba. Mizu ina inali itamatirira kumphika, ndiye ndinaikanganula ndi mpeni. Yonse ndinaikwirira, pamodzi ndi tsinde lokwawa limene timatsinde tonse timaphukirapo, n'kutsendera bwinobwino ndi chala. Pamwamba ndinawazapo urea wodzaza kachitsekerero ka Fanta, monga timachitira pa phando la chimanga.

Mayi a kunyumba anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Abambo, amayi ananena kuti chiyani?"

"Anati lisamalidwe."

"Anati musalichite kanthu."

"Uku si kuchita kanthu, uku n'kulima."

Iwo anangoti safunsa anadya phula, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Chiperoni chitayamba, ndinaona kuti katundu wa apongozi sangagone panja pa mphepo yotere. Ndinalilowetsa pabalaza, pakona ya pafupi ndi TV, pomwe ngakhale masana pamafunika tochi. Masamba anasintha, anabiriwira mwakuda bii, ndipo ndinaitana banja lonse kuti lidzaone zimene dzanja la mlimi limachita. Ndinadzamva mochedwa kuti pa Cattleya mtundu umenewo ndi dandaulo: kuwala kwachepa, ndipo ya masamba otero nthawi zambiri sichita maluwa. Chikasu chimene ndinkachimvera chisoni chija ndiwo unali umoyo wake.

Kenako timatsinde totupa tija, momwe chomerachi chimasungira madzi a pa chilala, tinayamba kufota ndi kuchita makwinya. Ludzu limenelo, ndinatero. Ndinayamba kuthirira m'mawa uliwonse. Tinafotabe. Ndinawonjezera madzulo. Tinafota kuposa kale, tsamba limodzi linagwa lokha, ndipo pabalaza panayamba kumveka fungo limene poyamba tinanamizira khoswe wofera kudenga.

Apa m'pamene ndinagula bandulo ya usiku, anzanga onse atagona, n'kuyamba kuwerenga zimene ndikanawerenga ndisanagwire khasu. Cattleya kwawo ndi ku Central America ndi South America, ndipo kumeneko sakhala pansi ayi. Amakhala pamwamba, atakakamira nthambi za mitengo, osati kuyamwa mtengowo koma kungokhalapo. Choyera cha pamizu chija, chimene akatswiri amachitcha velamen, chimamwa msanga madzi a mvula, kenako mphepo imachiumitsa. Mizu yotere ukaitsekera m'dothi lonyowa imasowa mpweya n'kuola, ndipo feteleza wamphamvu amaiwotcha. Mizu ikaola, chomera sichingamwenso, choncho chimafota ndi ludzu chili m'kati mwa madzi, mwini wake n'kumathirabe ena. Ndinawerenga ndime imeneyo kawiri, ndikuyang'ana kheni yanga ili pakona.

Ndinawerenganso kuti mu 1818 William Swainson anatumiza zomerazi kuchokera ku Brazil, William Cattley wa ku Barnet, kufupi ndi London, n'kuzisamalira mpaka zinachita maluwa, ndipo John Lindley anautcha mtunduwo dzina la Cattley. Ku Colombia duwa la fuko lawo ndi Cattleya trianae, ku Venezuela ndi Cattleya mossiae. Taganizani, chomera chinapirira ulendo wa panyanja wa masiku amenewo, chimalemekezedwa ndi maboma, koma chinadzagonja kwa ine ndi kachitsekerero kamodzi. Ndipo sindikanati n'zachilendo. Malawi ali ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo ina mwa iyo imakhala m'mitengo, monga Ansellia africana wa maluwa a mawangamawanga. Ine mwa yonseyo ndinkadziwa wodya yekha. Chimene chinandichotsa tulo kwenikweni n'chakuti kuchoka pa njere kufika pa duwa loyamba, Cattleya amatenga zaka 5 mpaka 7. Sizinali zoti ndingadzale lina mwakachetechete lisanafike tsiku la ndege.

Kutacha ndinalizula. Mizu yonenepa ija inali yabulawuni, yofewa, yopanda kanthu m'kati. Ukaikoka, khungu limavuka n'kutsala kaulusi kokha. Ndinadula yoolayo ndi lezala, ndinatsuka dothi lonse, ndinagula makala, ndinaswa njerwa ya mpanda wa eni nyumba, n'kulibwezera momwe ndinalipezera, ngakhale tsopano linkagwedezeka moti ndinachita kulimangirira ku kamtengo.

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma ndinali nditawerenga kuti limakonda kuwala, ndipo ndinali ndi ngongole ya kuwala ya miyezi ingapo yoti ndibweze. Ndinalinyamula kuchoka kumdima kuja n'kukaliika pamwamba pa khola la nkhuku, pa malata, mwezi wa Okutobala. Pobwera kuntchito ndinapeza masamba awiri ali ndi zigamba zotuwa, ndipo m'masiku ochepa zinada ngati pansi pa poto. Zipsera zimenezo sizipola. Duwa lochokera mumthunzi amalizoloweretsa dzuwa pang'onopang'ono, ndipo muyeso wake ndi dzanja: ukagwira tsamba n'kumva kutentha, lisunthe. Zimenezo zinali m'ndime yotsatira, yomwe bandulo inatha ndisanaifike.

Sabata yomweyo apongozi anatumiza uthenga pa WhatsApp: "Bambo, tajambulani duwa ndilione." Ndinaitana mwana wathu wamng'ono, ndinamuuza kuti agwire tsamba apa ndi apa, amwetulire. Timanja take tinaphimba zipsera zonse ziwiri. Agogo ake anayankha kuti mwana wakula, koma za duwa sananene kanthu.

Tsopano ndifike pa chimene sindinauzepo munthu. Pamwamba pa katsinde katsopano kwambiri, pomwe tsamba limayambira, panali kathumba kopyapyala, kotalika ngati chala. Kale kanali kobiriwira, koma tsopano kanali katauma, kofiirira. Ndinakhalako ku Kasungu kwa amalume, ndipo kuthena fodya ndimakudziwa: chilichonse chongodya chakudya cha tsamba chimachotsedwa. Komanso chouma pa chomera chodwala chimatchedwa matenda. Ndinatenga lezala lija, n'kukadula mwaukhondo, kamodzi kokha. Kenako, mwachidwi chabe, ndinakang'amba ndi chikhadabo.

M'kati munali timphukira tiwiri tobiriwira, tonyowa, togundana, tamoyo. Anali maluwa. Chomera chimene ndinachimiza, kuchiwotcha ndi feteleza, kuchitsekera mumdima ndi kuchiyanika padenga chinali chitasungabe maluwa ake a chaka chimenecho m'kathumba kouma, monga Cattleya ambiri amachitira, kudikira nyengo yake. Katsinde kalikonse kamachita maluwa kamodzi kokha pa moyo wake. Ndinaima pakhondepo nthawi yaitali, kenako ndinakaponya umboniwo m'chimbudzi. Potembenuka ndinapeza mwana uja ali pambuyo panga, akudya mango, akundiyang'ana.

Apongozi anafika mvula itayamba. Asanakhale pansi, asanamwe ndi madzi omwe, analunjika pakhonde. Ananyamula mphika kuti amve kulemera kwake, ananunkhiza, anagwira tsamba lililonse. Anasenda timakoko touma ta m'munsi mwa timatsinde, n'kupezamo tizilombo toyera tomatirira, timene ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuweta. Anaitanitsa thonje ndi sipiriti, n'kuyamba kupukuta osayankhula. Mlandu wa kwa amfumu umaposa pamenepo kukoma, chifukwa kumeneko amakufunsako mbali yako.

Pomaliza analoza kadiso kotupa m'munsi mwa katsinde kamodzi, ndi kamuzu katsopano kansonga yobiriwira.

"Silinafe," anatero. "Maluwa ndiye tiiwale kaye, mwina zaka ziwiri kapena zitatu. Koma bambo, apa panali kathumba."

"Ziwala, amayi. Chaka chino zavuta kwambiri."

Anayandikitsa mphika kumaso, nayang'ana podulidwa paja, powongoka bwino.

"Ziwala za ku Zomba kuno zimayenda ndi lezala, eti?"

Mayi a kunyumba anathamangira kukhitchini atagwira pakamwa. Duwa analisiya kwathu komweko, poti minibasi ingalipweteke, koma tsopano lili m'manja mwa mwana wawo, ndipo ine ntchito yanga ndi kuswa makala akafunika. Wamng'ono uja sananenebe chimene anaona, koma kuyambira tsiku lija mtengo wa kukhala chete kwake wakwera kuchoka pa chitumbuwa chimodzi kufika pa ziwiri ndi Sobo.