Womasulira wa -O3

Kuno ku Chitipa zilankhulo n'zambiri moti ukachoka pa boma kupita ku Misuku, moni amasintha kangapo panjira. N'chifukwa chake ife odziwa Chichewa ndi Chilambya timayenda mapewa m'mwamba. Paukwati, pamaliro, kutchalitchi, womasulira ndine.

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku Mzuzu, anabwera kutchuthi. Usiku wina ndinamupeza atagwira tsaya, laputopu ikulira ngati chigayo cha dizilo.

"Yafa?" ndinafunsa.

"Ayi amalume, ikumasulira."

Ndinakoka mpando, poti kumasulira ndi munda wanga. Akuti zimene munthu walemba kompyuta siizimva mpaka compiler itazitembenuzira m'chilankhulo cha makina. Yakeyo ndi GCC, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1987. Tsono womasulira ameneyu sangomasulira ayi. Amaibwereza pulogalamuyo maulendo ambirimbiri: kuchotsa mizere yopanda ntchito, kuphatikiza masamu obwerezabwereza, kusanja malamulo kuti idzathamange. Ukamuuza -O0 amangomasulira n'kukupatsa. Pa -O2 amakonza bwinobwino. Pa -O3 ndiye amachita kunyambita ndi mbale yomwe. Ulendo uliwonse umadya nthawi ndi memory, motero eni ake anamuikira malire: chigawo cha pulogalamu chikafuna memory yopyola muyeso, kukonza kwina kodula amangokudumpha, ntchito n'kupitirira.

Mnyamatayo anali ataika -O3 pa pulogalamu yongoyeserera. Isanathe, magetsi anathima, batire nalo n'kutsatira.

Ine kuseka. "Mwana iwe, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada!"

Mayi akunyumba anayankhira kukhitchini: "Inu bambo, mukuseka ndani? Za ukwati wa ku Kameme mwaiwala?"

Sindinaiwale. Ankhoswe anangoti, "Tathokoza pobwera." Ine ndinatsokomola, n'kukonza tayi, n'kuikapo miyambi itatu, mbiri ya mabanja onse awiri ndi malangizo a kasungidwe ka ng'ombe. Pamene ndinkafika pa mawu oti "pobwera", mpunga unali utazizira, minibasi ya alendo a ku Karonga itanyamuka, mkwatibwi akusinza.

Lamulungu lapitali ndinati ndiyese -O0. Mlaliki wochokera ku Lilongwe analengeza mwachisoni kuti mkulu wa mpingo wa kwawo watsamira mkono. Ine mosachedwa ndinapereka mawuwo m'Chilambya monga momwe alili. Gogo wina kumbuyo anafuula kuti ngati vuto ndi limenelo, mpingo usonkhe timugulire pilo.

Titafika kunyumba, mwana wa mlongo wanga uja anati, "Amalume, ngakhale GCC ili ndi -O2 yapakatikati."

Ndiye mukadzandiona ndikumasulira, yang'anani pa benchi yakutsogolo. Mayi amene akhale atakweza zala ziwiriyo sakuchita ndale. Ndi akazi anga, akundiikira malire.